Mtengo wa pakhomo ukadwala kuno ku Mzuzu: zoyang'ana, zochita, ndi oti muwafunse musanagwire nkhwangwa

Mvula ikangoyamba mafunso amakhala omwe aja. Peyala langa likuuma kuchokera kunsonga nditani, lalanje lada bii ngati lili kukhitchini, bulugama wa a neba wapendekera kudenga kwanga koma iwo akukana kudula. Ine ndimasamala nazale ndiye anthu akabwera kudzagula mbande amabwera ndi zithunzi mufoni, ena mpaka nthambi mujumbo, ndipo ndayankha zomwezi kambirimbiri moti ndaona kuti bola ndingolemba pamodzi. Chimene chimandiwawa n'choti mitengo yambiri imene anthu amagwetsa ati yadwala inali yoti ikanachira, pomwe ina yoopsadi, yowola mkati, yaima pamwamba pa chipinda chogona ana, imasiyidwa chifukwa masamba ake akadali obiriwira. Ndiye yang'anani chizindikiro chimene chikufanana ndi mtengo wanu, zoyambitsa ndazindandalika kuyambira chimene ndimakumana nacho kwambiri.

Poyamba, mtengowo ndi wa ndani?

Anthu amathamangira mankhwala ndi nkhwangwa, ili ndi funso limene amalilumpha, kenako n'kupezeka ali pa mlandu.

- Mtengo umene munadzala nokha papuloti panu, monga peyala, mango, paini kapena bulugama, lamulo la zankhalango la 1997 limati wodzala mtengo pamalo amene ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito ndiye mwini wake wa zotuluka mumtengomo. Koma m'tauni mtengo waukulu sugwa wokha, umakhudza msewu, mawaya, mpanda wa anzanu, ndiye kadziwitseni a khonsolo musanayambe.
- Ngati muli pa lendi, kaya nyumba ya munthu kaya ya a MHC (Malawi Housing Corporation), mtengowo si wanu. Auzeni eni nyumba, ndipo muwauze polemba, olo pa WhatsApp, kuti mawa pasakhale kukanirana.
- Wa m'mbali mwa msewu wa m'lokeshoni, pamsika, pabwalo la onse, umenewo ndi wa m'manja mwa khonsolo ya mzinda. Olo uli kutsogolo kwa geti lanu ndipo mwakhala mukusesa masamba ake zaka khumi.
- M'mbali mwa M1 ndi msewu wa ku Nkhata Bay, M5, muli malire a msewu amene amayang'anira ndi a Roads Authority.
- Ku Kaning'ina ndi ku Lunyangwa ndi nkhalango zotetezedwa, za dipatimenti ya zankhalango. Kumeneko olo mtengo wauma gwaa simukhudza popanda chilolezo, ndipo musaiwale kuti madzi amene timamwa m'tauni muno amachokera kudamu la Lunyangwa.
- Mitengo yachilengedwe ngati mbawa, mlombwa, muwanga, msuku, katope wa m'mbali mwa mtsinje, pitani kaye ku ofesi ya zankhalango olo ili papuloti panu. Ya kumanda ndiye nkhani ya amfumu.

Lamulo lomwelo la zankhalango limapatsa mkulu wa dipatimentiyo mphamvu yolamula kuti mitengo ipoperedwe kapena idulidwe pofuna kuletsa matenda kufala, komanso yoletsa matabwa ndi nkhuni kuyenda popanda chiphaso matenda akabuka. Mbali ya mbewu ndi zipatso ilinso ndi lamulo lake loteteza zomera, la 2018. Ndiye akabwera alangizi n'kunena kuti nthochi izi zizulidwe, sikuti akukuzondani ayi, ali pa ntchito yawo.

Chizindikiro 1: masamba achikasu, akufota, nthambi zikuuma kuyambira kunsonga

Apa ndiye pamene pali nkhani yaikulu, makamaka mapeyala, poti kuno pafupifupi khomo lililonse ku Chibavi, Zolozolo, Luwinga, Mchengautuwa lili ndi peyala lake.

Musanade nkhawa palani kanthambi ndi chikhadabo. Mukapeza zobiriwira ndi zonyowa pansi pa khungwa, nthambiyo ili moyo. Malaina ndi jakaranda amayoyola masamba m'chilimwe, ndi chikhalidwe chawo, peyala nalonso limataya masamba akale likamachita maluwa. Amenewo si matenda.

Zoyambitsa:

1. Madzi ojama pamizu. Peyala limadana ndi kunyowa mapazi kuposa mtengo wina uliwonse umene ndimaudziwa, ndipo kuno mvula imatenga nthawi, mpaka Epulo kapena Meyi ikadali kugwa, kenako kubwera kamvula kowaza ka m'nyengo yozizira. Onjezerani madzi a kubafa ndi ochapira amene timangowalozetsa kumtengo poganiza kuti tikuuthirira. M'dothi lonyowa choncho mumakhala matenda owoletsa mizu. Kumbani pang'ono, kuya ngati chikhatho, cha kumene mthunzi wa mtengo umathera. Timizu tabwino timakhala toyera ngati mkaka, tolimba. Todwala timakhala takuda, tothetheka mukangotigwira. Masamba amakhala ang'onoang'ono otuwa, ndipo nthawi zina mtengo umabereka tizipatso tambirimbiri tosakula, anthu n'kumasangalala kuti chaka chino labereka, osadziwa kuti likutsanzika.
Chochita: patutsani madzi a kubafa, kumbani ngalande, yalani udzu wouma kapena masamba mochindikala pansi ponse koma osagunda thunthu, musalimenso ndi khasu pansi pake. Dulani nthambi zouma. Ngati theka la mtengo likadali lobiriwira lipatseni chaka.

2. Moto wa zinyalala. Timasesa n'kuunjika patsinde, madzulo n'kuyatsa. Khungwa la mbali imodzi limapsa, miyezi ingapo nthambi za mbali yomweyo n'kuyamba kuuma. Yang'anani ngati khungwa lili lakuda kapena likusendeka mbali imodzi. Palibe mankhwala, ingosiyani kuotcha pamenepo, bala likakhala losazungulira thunthu lonse mtengo umadzitseka wokha pang'onopang'ono.

3. Zomangamanga. Mwakumba fandeshoni kapena dzenje la chimbudzi pafupi n'kudula mizu ikuluikulu, mwathira dothi lofiira lija lochokera m'dzenje mpaka kukwirira tsinde, kapena mwaika simenti pabwalo ponse. Mtengo umayamba kuonetsa patapita chaka kapena ziwiri ndiye anthu salumikiza n'komwe. Fukulani dothi mpaka muone pamene thunthu limayamba kutambasuka kukhala mizu. Ngati mizu yodulidwayo ndi yaikulu ndipo ili mbali imodzi, pitani pa chizindikiro 3, nkhani yasanduka ya kugwa.

4. Waya woyanikira zovala. Unamangidwa mtengo uli waung'ono, pano walowa m'khungwa ndipo ukuupotola pakhosi. Udulireni, musaukoke mwamphamvu ngati wamira kale.

5. Pa malalanje, mandimu ndi manachesi, kawirikawiri imakhala njala chabe, thirani manyowa owola bwino. Koma ngati chikasucho ndi cha mawangamawanga, mbali ina ya tsamba yosafanana ndi inzake, zipatso zopotoka, zowawa, njere zofota zakuda, ndipo masamba anthete ali ndi timatuza, amenewo akhoza kukhala matenda amene amafalitsidwa ndi tizilombo touluka timene timakonda malo okwera ozizira ngati kuno. Alibe mankhwala. Itanani alangizi aone, akatsimikiza mtengowo uchoke usanapatsire ina.

6. Dala. Zimachitika, wina kusenda khungwa mozungulira kapena kuthira oyilo wakuda patsinde usiku chifukwa cha mkangano wa malire. Jambulani, pitani kwa a buloko lida kapena amfumu, osabwezera.

Kwathu kunali peyala limene anadzala malemu bambo anga, mapeyala ake aakulu a mafuta, moti ana a m'dera lonse ankalidziwa. Titamanga bafa latsopano madzi ake ankatsikira pomwepo. Chaka choyamba masamba anangochepa, chachiwiri nsonga zinauma, nditakumba ndinapeza timizu tonse takuda tonunkha chinyezi. Ndinapatutsa madzi koma ndinachedwa. Mpaka lero ndikaona paipi ya bafa italoza papeyala pakhomo pa munthu ndimaima n'kuwauza olo sindikuwadziwa.

Likafa ndi matenda amenewa musadzalenso peyala m'dzenje lomwelo, matendawo amatsalira m'dothi. Sankhani pena, ndipo dzalani pa kamulu kokwera kuti madzi azitsetsereka.

Chizindikiro 2: masamba akuda ngati mwaye, onata, nyerere zili balalabalala

Ichi chimaopsa maso koma si chodulira mtengo. Chakudacho ndi nkhungu imene imamera pa timadzi totsekemera totuluka mwa tizilombo toyamwa masamba. Tembenuzani tsamba muone kunsi.

- Zoyera ngati thonje, zonata: ndi zimene zimavuta kwambiri malalanje ndi magwafa.
- Nsabwe zobiriwira kapena zakuda pansonga zanthete, masamba opiringizika.
- Timamba tomata pa nthambi, tosayenda, mukatikanda ndi chikhadabo timachoka.

Sungunulani sopo wochapira mbale pang'ono m'madzi, supuni imodzi kapena ziwiri pa malita asanu, poperani kunsi kwa masamba madzulo dzuwa litapepa, bwerezani sabata iliyonse katatu kapena kanayi. Madzi a masamba a nimu kapena ombwe amathandizanso, koma ombwe usafike kumtsinje kapena padamu la nsomba, umapha nsomba. Phatulirani nthambi zamkati kuti mphepo izidutsa. Nyerere zija ndi zimene zimaweta tizilomboti ndiye dulani nthambi zogunda pansi ndi pampanda zimene zimakwererapo.

Mankhwala ogula akhale omalizira. Gulani m'sitolo yovomerezeka, m'botolo lake lokhala ndi lebulo, osati othiridwa m'kabotolo ka fanta pamsika. Musapopere mtengo uli ndi maluwa, mupha njuchi, ndipo werengani masiku odikira musanadye zipatso. Mtengo wautali woti mpaka mupopere chopenyetsa kumwamba mankhwala akukugwerani kumaso, usiyeni.

Chizindikiro 3: bowa patsinde, mphako, ming'alu, kapena mtengo wayamba kupendekeka

Apa werengani mofatsa chifukwa apa ndi pamene pamafa anthu. Mtengo ukhoza kukhala wobiriwira bwinobwino pamwamba koma mkati ndi m'mizu mutatha kale.

1. Dothi lafewa ndipo mizu yalekerera. Madera otsetsereka ngati ku Masasa, kapena a madzi ngati ku Salisbury Line ndi mbali zina za Chibavi, bulugama ndi paini wamtali amazuka ndi mizu yomwe mvula ikagwa masiku angapo osakata. Amene munalipo mu Epulo 2016 mukukumbukira mmene dothi linakhutira madzi mpaka nyumba kugwa. Pitani kumbuyo kwa kumene mtengo wapendekera, mukaona dothi latukuka kapena lang'ambika, kapena mizu yayamba kuonekera imene kale sinkaoneka, mtengowo uli m'njira. Mtengo umene unakula chopendekeka kuyambira kale ndi wosiyana ndi umene wapendekeka sabata ino.

2. Kuwola kwa mkati. Bowa wolimba ngati mbale womera pathunthu kapena patsinde ndi chizindikiro choti mkati mwadyeka kale, kuthyola bowayo sikuchiza kanthu. Gogodani thunthu ndi kumbuyo kwa nkhwangwa mozungulira, polimba pamamveka kuti gu, powola pamalira ngati ng'oma. Pisani kamtengo m'mphako muone kuya kwake. Musathiremo simenti, siilimbitsa, imangosunga chinyezi.

3. Matenda a mizu amene amayenda kuchokera pachitsa chakale. Amagwira paini, bulugama, khofi ndi mitengo ya zipatso, makamaka pamalo pamene panali tchire n'kudula osazula zitsa. Sendani kakhungwa pang'ono patsinde penipeni, mukapeza zoyera zoyalana ngati pepala pakati pa khungwa ndi mtengo, zonunkhira bowa, ndi amenewo. Pa paini mumaonanso utomoni ukutuluka patsinde. Alibe mankhwala. Mtengo uchoke ndi chitsa chomwe ndi mizu ikuluikulu, apo ayi chaka chamawa ugwira woyandikana nawo, n'kumapita choncho mumzere.

4. Mphanda yong'ambika, pamene thunthu linagawikana pawiri ndipo pakati payamba mng'alu. Jakaranda ndi kesha amachita zimenezi. Nthawi zina kuchotsa mbali imodzi kumakwana.

Mukaona chimodzi mwa izi ndipo mtengo ukhoza kufika panyumba, pamsewu kapena pamawaya:
- samutsani ogona chipinda cha mbali imeneyo usiku womwewo
- ana asasewere pansi pake, galimoto isaimikidwe pamenepo
- musakwere, musamange chingwe kuti muuwongole
- jambulani zithunzi, kenako tsatani zimene ndalemba kumunsiku za kudula

Chizindikiro 4: nthochi zapinimbira, masamba aunjikana pamwamba

Ena anena kuti nthochi si mtengo, chabwino, koma palibe matenda amene aonetsa bwino kufunika kozula chodwala kuposa chisaka. Chinayamba kuoneka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, chinasakaza nthochi ku Nkhata Bay konkuno ndi ku Thyolo ndi Mulanje, mpaka dziko lolima nthochi ngati lathu kumadya zochokera ku Tanzania.

1. Chisaka. Masamba atsopano amatuluka aafupi, opyapyala, oimirira njo, ounjikana ngati tsache, m'mbali mwake mwachikasu. Yang'anitsani tsamba padzuwa, m'mbali mwa msempha waukulu ndi pa phesi mumaoneka timizere tobiriwira kwambiri todukaduka. Nthochi yotere siibereka, ikabereka ndi kamkoko kopotoka. Zimafalitsa ndi nsabwe zakuda zobisala m'makoko a thunthu, ndi ifeyo tikamapatsana ana a nthochi.
Chochita, ndipo ndondomeko yake ndi yofunika: yambani mwapha nsabwe, thirani madzi a sopo ambiri pamwamba ndi m'makoko monse, chifukwa mukangogwetsa zimabalalika kupita kwa a neba. Kenako zulani phata lonse, mayi ndi ana omwe, olo mwana akuoneka wabwino ali nawo kale. Duladulani tizidutswa, ziume kapena kwirirani, ndipo muzibwerako kudzazula zophukira. Kudula thunthu lokha n'kusiya phata ndi kutaya nthawi. Mbewu yatsopano funsani kwa alangizi kapena ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Lunyangwa, osatenga kwa achibale chifukwa choti ndi yaulere. Ndipo kambiranani mdera lonse, inu mukazula koma kuseri kwa mpanda zikadalipo, zibweranso.

2. Masamba akale achikasu, othyoka n'kulendewera mozungulira thunthu, mukadula thunthu mkati muli mizere yofiirira. Awa ndi matenda a m'dothi, amakhala zaka zambiri. Musasamutse dothi kapena ana kuchoka pamenepo, tsukani khasu.

3. Nthochi kumangogwa yokha, phata lili ndi mauna akuda. Ndi nankafumbwe wa nthochi. Chotsani zitsa zakale zowola, senderani ana bwinobwino musanadzale.

Chizindikiro 5: mpanda wa sayipuresi wafiira, bulugama ali ndi zotupa, paini wauma

Sayipuresi akamauma kuyambira mkati kupita kunja m'miyezi yopanda mvula, ikani pepala loyera pansi pa nthambi n'kuigwedeza, mudzaona nsabwe zotuwa zikugwa. Nsabwe zimenezi mu Africa muno zinayamba kupezeka ku Malawi konkuno mu 1986 ndipo zinafika mpaka pa mkungudza wa ku Mulanje. Mpanda waufupi mukhoza kuupopera, ndipo wambiri umaphukanso mvula ikabwera ndiye musathamangire kuzula. Mukaumeta kwambiri mpaka kufika pa nthambi zopanda masamba, pamenepo sipaphukanso, amenewo si matenda.

Bulugama wamng'ono akangouma yense mwadzidzidzi, kokani muone, nthawi zambiri chiswe chadya mizu. Zotupa pamisempha ya masamba ndi pansonga zimachokera ku kachilombo kakang'ono koikira mazira mkati, kamavutitsa mbande ndi mitengo yaing'ono, ikuluikulu imapirira. Mbande zotupa musagule, musagulitse, ziotcheni. Timamba toyera pamasamba kapena masamba ofiirira ngati apsa ndi dzuwa ndi tizilombo tinanso toyamwa, mtengo waukulu simungaupopere, umadzabwerera ndi mvula.

Paini mmodzi akauma yekha pakati pa anzake onani patsinde ngati ndafotokozera pa chizindikiro 3, onaninso ngati sipanadutse moto kapena mphenzi. Koma mukaona yambiri ikuuma pamodzi, kaya ndi m'munda mwanu kaya mwadutsa pena, kauzeni a zankhalango msanga. Nkhalango yaikulu ya paini ya Chikangawa ili pafupi, matabwa ndi mitengo zimalowa ndi kutuluka m'tauni muno tsiku lililonse. A zankhalangowo ali ndi njira yotumizira zitsanzo ku FRIM, malo a kafukufuku wa zankhalango ku Zomba, ndipo ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) kulinso aphunzitsi a zankhalango.

Chizindikiro 6: mango akuyoyola maluwa, zipatso zili ndi mawanga kapena mphutsi

Mwachidule, poti apa mtengo sufa. Maluwa okutidwa ndi zoyera ngati ufa n'kuuma ndi nkhungu ya nyengo yozizira ya mame. Mawanga akuda pazipatso ndi pamasamba amabwera ndi chinyezi, phatulirani mtengo mukatha kukolola, mankhwala a kopa amathandiza pamtengo waufupi. Mphutsi ndi za ntchentche ya zipatso, tolani zakugwa tsiku lililonse, mangani m'jumbo lakuda losabooka n'kuika padzuwa masiku angapo kapena kwirirani mozama. Kunena zoona mango kuno sachita bwino ngati kunyanja, kukuzizira, ndiye wina asakunamizeni kuti mtengo wanu walodzedwa.

Mwatsimikiza kuti uchoke: muyende bwanji

Ngati ndi wa m'mbali mwa msewu kapena pamalo a onse, lembani kalata yopita ku khonsolo, ofesi yoona za mapaki ndi zachilengedwe. Nenani dera, msewu, puloti, mtundu wa mtengo, chimene mwaona, ndi chimene ungagwere. Phatikizani zithunzi. Pangani makope awiri, ina akudindireni mubwere nayo. Auzeninso a khansala a wodi yanu ndi a buloko lida, nkhani yobwera ndi anthu angapo imayenda msanga kusiyana ndi ya munthu mmodzi. Pakadutsa masiku bwererani ndi kope yanu ija. Musadule nokha chifukwa choti mwatopa kudikira, ngati ndi zoopsa lero lomwe pitani pamaso, osangotumiza kalata.

Ngati ndi wa a neba, yambani ndi kucheza. Aitaneni adzaone okha ataima kumbali kwanu, ambiri sadziwa mmene mtengo wawo ukuonekera kuseri. Anthu ena amakana chifukwa cha ndalama yodulira osati nkhanza, ndiye ngati mungathe nenani kuti tigawana. Zikakanika, a buloko lida kapena amfumu, kenako kalata ku khonsolo. Musalowe m'puloti mwa eni ndi chikwanje, ndipo musauphe mobisa, mtengo wouma woimirira ndi woopsa kuposa wamoyo ndipo udzagwera kwa inu nomwe.

Ngati ndi wanu, dzifunseni ngati ndi ntchito yoti mungaigwire ndi mnyamata wa ganyu kapena ayi.

Imani, itanani odziwa, ngati:
- nthambi iliyonse ili pafupi ndi mawaya a magetsi. Awa ndi a ESCOM basi, mtengo wauwisi umadutsa magetsi, simufunika kugunda waya ndi dzanja kuti akugwireni. Waya ukagwa pansi musayandikire, imikani munthu patali aziletsa ana
- mtengo ndi wautali kuposa mtunda wofika panyumba, pampanda kapena pamsewu. Wotere amaudula chidutswachidutswa kuchokera pamwamba ndi zingwe
- uli ndi mphako kapena bowa. Wowola sumvera kumene mwautemera, umathyoka pamene wafuna
- wagwa kale koma wakola pamtengo wina kapena padenga
- uli pamtunda wotsetsereka pamwamba pa nyumba za ena
- muzula chitsa pafupi ndi mapaipi a Water Board

Posankha wodula musangoona kuti ali ndi chainsaw. Funsani kumene anadulako mtengo wa pakati pa nyumba, mukaone kapena muimbire eni ake. Akhale ndi zingwe zolimba ndi anthu omuthandiza, asabwere atalawa. Gwirizanani polemba mtengo wa ntchito, amene atenge matabwa ndi nkhuni, amene achotse zinyalala, ndi amene alipire zikagwera pampanda wa eni. Ndinaonapo bulugama atadulidwa ndi anyamata awiri opanda chingwe, mphepo inangotembenuka pang'ono, mtengo unakagona pa khitchini ya a neba, mwamwayi mayi a pakhomopo anali atangotuluka kukatunga madzi. Mkangano wa malata unatenga miyezi chifukwa panalibe chimene analemberana.

Tsiku lodula kusakhale mphepo kapena mvula, a neba adziwe dzulo lake, ndipo aliyense amene sakugwira ntchito aime kutali kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo.

Zotsala zake

Apa ndi pamene matenda amasamukira kwa ena. Nthambi ndi masamba a mtengo wodwala musakataye kumtsinje, m'ngalande kapena kuseri kwa mpanda, zimatseka madzi komanso zimanyamula matenda. Zing'onozing'ono kwirirani m'dzenje. Ngati n'zofunika kuotcha, pang'onopang'ono m'dzenje, kutali ndi mitengo ina ndi nyumba, osati m'chilimwe cha mphepo, ndipo mulu ukakhala waukulu funsani a khonsolo kokataya. Nkhuni zake gwiritsani ntchito pakhomo pomwepo m'malo mozitumiza kumudzi. Chikwanje, sowo ndi khasu zitsukeni ndi Jik wosungunula kapena sipiriti musanakhudze mtengo wina, makamaka pa nthochi ndi malalanje.

Mukafuna kunyamula matabwa kapena mitengo kutuluka nayo m'tauni, yambani mwatenga chikalata ku ofesi ya zankhalango, pa rodibuloko sadzamva zoti unali wa pakhomo panu ngati mulibe pepala. Zootcha makala ndi mtengo umene mwagwetsawo iwalani, makala amafuna laisensi, ndipo zilango zinakwera lamulo litasinthidwa mu 2020.

Pobwezeretsa, nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo kuno chinyezi chimatithandiza kuposa anzathu a kumwera. Bulugama ndi paini asakhale pafupi ndi nyumba kapena pansi pa mawaya, amenewo ndi a kumunda. Papuloti yaing'ono dzalani zipatso zomezanitsa zimene sizitalika, mamita asanu kapena kuposa kuchoka pakhoma ndi pa thanki ya chimbudzi, ndipo pogula mbande itulutseni m'chubu muone mizu, ikakhala yakuda kapena yopotana ngati chingwe isiyeni pomwepo olo akutsitsireni mtengo.